Mwana wanga watha masiku asanu ndi limodzi m'chitokosi osapita kukhoti, nditani?

"Zikomo a loya. Ndine mayi wa ku Bangwe. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 23, yemwe amagulitsa kaunjika, anamangidwa Lachinayi m'mawa chifukwa cha foni yomwe anagula kwa munthu wina mu Limbe pa K45,000. Apolisi akuti foniyo ndi yobedwa. Lero ndi Lachitatu koma sanapitebe kukhoti. Akuti anamusainitsa pepala lomwe sanaliwerenge, ndipo nditamuona tsaya lake linali lotupa. Munthu wina pamalopo wandiuza kuti ndikapereka K60,000 atuluka pa belo. Winanso akuti mwanayo angovomera mlandu kukhoti kuti amumvere chisoni nkhani ithe msanga. Ndalama ya loya ndilibe. Ndichite chiyani?"

Mayi, pepani kwambiri. Kumuona mwana wako kuseri kwa zitsulo, ali chosavala nsapato, tsaya litatupa, n'chinthu chosautsa mtima, ndipo n'zosadabwitsa kuti mukumvetsera aliyense amene akukulonjezani njira yachidule. Komabe khazikitsani mtima pansi. Kumangidwa si kupezeka wolakwa. Pamaso pa lamulo mwana wanu pakadali pano ndi woganiziridwa chabe, ndipo ntchito yotsimikizira khoti kuti analakwa ndi ya boma, osati yake. Chimene ndikuopa ine si mlanduwo ayi, koma malangizo awiri amene mwapatsidwawo, chifukwa onse angamuike m'mavuto oposa amene alimo.

Tiyambe ndi masiku amene wakhala m'chitokosi. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 42, amanena kuti munthu akamangidwa ayenera kufikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48, kuti akamuwerengere mlandu kapena amuuze chifukwa chomusungirabe. Zikapanda kutero, atulutsidwe. Pali kampata kamodzi kokha: maola 48 aja akathera usiku, Loweruka, Lamulungu kapena pa tsiku la holide, munthuyo apite kukhoti tsiku loyamba limene khoti litsegule. Tiwerengere limodzi za mwana wanu. Anamangidwa Lachinayi m'mawa, ndiye kuti maola 48 anakwana Loweruka m'mawa. Loweruka khoti siligwira ntchito, choncho tsiku lomaliza linali Lolemba. Kuchokera Lolemba madzulo kufika lero akusungidwa mophwanya lamulo. Mawu oti "tikufufuzabe" kapena "galimoto ilibe mafuta" sasintha zimenezi. Ngati apolisi akufuna nthawi yowonjezera yofufuzira, ayenera kukaipempha kwa majisitireti mwanayo ali pomwepo, osati kudzipatsa okha.

Ndiye mawa m'mawa musathere pakauntala. Pemphani kuonana ndi mkulu wa siteshoniyo, yemwe ambiri amamutchula kuti OC, kapena wachiwiri wake. Lankhulani mwaulemu koma momveka: dzina la mwana, tsiku ndi nthawi imene anamangidwa, ndipo munene kuti maola 48 anadutsa, mukupempha kuti amupatse belo ya kupolisi kapena amutengere kukhoti lero. Tengani kope ndi cholembera. Lembani dzina la wapolisi amene akufufuza nkhaniyi, mlandu weniweni umene alemba, ndi zimene akuyankhani. Mupite ndi wachibale wamkulu, amalume ake kapena mkulu wa mpingo, kuti pakhale wina womva zonse. Kawirikawiri nkhani imasuntha apolisi akaona kuti abale akuwerenga masiku komanso akulemba.

Za K60,000 ija, musapereke ngakhale tambala. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Munthu amasaina pepala lolonjeza kuti adzabwera kupolisi kapena kukhoti pa tsiku limene amuuza, nthawi zina pamodzi ndi abale omuimira, basi. Ndalama yopereka m'manja mwa munthu popanda lisiti si belo, ndi chiphuphu, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Choopsa china n'chakuti ambiri mwa anthu oyendayenda pabwalo la polisi kapena la khoti aja, amene amati "ndikudziwana ndi abwana", alibe mphamvu iliyonse pa dokete, fayilo ya mlandu ya apolisi. Mukawapatsa ndalama mawa simuwaonanso, mwana ali m'kati momwemo. Ndipo ngakhale atatuluka mwa njira imeneyo, dokete silinatsekedwe, tsiku lina adzabwera kudzamutenganso.

Belo ya kukhoti ndi yosiyana pang'ono, ndipo apa ndi pamene muyenera kukonzekera. Lamulo limati munthu atulutsidwe, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati kutero kungasokoneze chilungamo. Ndiye kuti woimira boma ndi amene ayenera kupereka chifukwa chomukanizira. Majisitireti amayang'ana zinthu zingapo zimene zili m'lamulo lotsogolera za belo la chaka cha 2000: kodi munthuyu angathawe, angaopseze mboni kapena kubisa umboni, angavulaze anthu, kapena kutuluka kwake kungabweretse chisokonezo m'dera. Mnyamata wokhala ndi kwawo kodziwika ku Bangwe, wokhala ndi benchi yake ya kaunjika, yemwe foni inalandidwa kale ndipo ili m'manja mwa apolisi, ali ndi mwayi waukulu. Milandu ngati yakupha ndi youkira boma ndi imene belo yake imaperekedwa ndi khoti lalikulu lokha. Wa foni uwu majisitireti ali nayo mphamvu.

Koma belo imapemphedwa. Achinyamata ambiri amaima m'bokosi muja, mantha ali tho, osanena kanthu, n'kupezeka akwezedwa galimoto ya ku ndende ya Chichiri pa limande. Mumuuze kuti akangomaliza kuyankha mlandu anene kuti, "Bwana, ndikupempha belo," ndipo afotokoze kumene amakhala, ntchito yake ndi anthu amene amadalira iye. Inu mukhale muli m'khotimo ndi anthu awiri omuimira, akuluakulu okhazikika, aliyense ali ndi chiphaso chake cha unzika. Khoti lidzawafunsa ubale wawo ndi mwanayo, kumene amakhala, chimene amachita ndi katundu amene ali naye. Nthawi zambiri omuimirawa salipira ndalama pomwepo, amangolonjeza kuti mwanayo akathawa iwo ndiwo adzalipire ndalama imene khoti latchula. Khoti likalamula kuti mwini wake apereke ndalama ya belo, imeneyo mukalipire ku ofesi ya khoti ndipo mulandire lisiti ya boma. Lisitiyo muisunge ngati mmene mumasungira chiphaso, chifukwa mlandu ukatha iye atatsata zonse, ndalamayo imabwezedwa. Ndalama imene atchula ikakhala yoposa mphamvu zanu, nenani pomwepo, khoti limatha kuitsitsa. Majisitireti akakana belo, mutha kukapemphanso ku khoti lalikulu ku Chichiri.

Akatuluka, asaphonye tsiku ngakhale limodzi, kaya lokaonekera kupolisi kaya la kukhoti. Mlandu suola. Akajomba khoti limatulutsa chikalata chomumangira, belo imathetsedwa, ndipo amalume ake aja ndi amene amatsala ndi ngongole. Akadwala, wina apite kukanena m'khoti tsiku lomwelo ali ndi buku la kuchipatala m'manja.

Zikavuta n'kupita pa limande, dziwani kuti nakonso kuli malire. Kuyambira pamene lamulo la kazengedwe ka milandu linasinthidwa mu 2010, munthu wa mlandu wozengedwa ndi majisitireti sayenera kusungidwa kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe kuzengedwa. Milandu ikuluikulu monga kupha, kugwirira ndi kuba moopseza malire ake ndi masiku 90. Boma litha kupempha khoti kuti liwonjezere, koma osapitirira masiku ena 30. Masikuwa akatha, khoti litha kumutulutsa pa belo. Vuto ndi loti kundende palibe amene angakuwerengereni, ndiye muziwerenga nokha pa kalendala.

Tsopano za pepala limene anasaina. Pomumanga anayenera kuuzidwa, m'chilankhulo chimene amamva, chifukwa chomumangira, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, komanso kuti chilichonse chimene anene chitha kugwiritsidwa ntchito kukhoti. Palibe wololedwa kumukakamiza kuvomera mlandu, ndipo gawo 19 la malamulo aakulu limaletseratu kuzunza munthu, kaya akhale wakuba wotani. Koma pano ndikuuzeni zoona zimene ambiri sazidziwa. Kuno kwathu, gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu limalola khoti kulandira sitetimenti yovomera mlandu ngakhale mwini wake akunena kuti anamukakamiza. Chimene khoti limachita ndi kuiyeza pamapeto: siliyenera kuidalira pokhapokha litakhutira popanda chikaiko kuti munthuyo ananenadi mawuwo ndipo zimene zalembedwazo ndi zoona. Ndiye musaganize kuti kungonena kuti "anandimenya" kufafaniza pepalalo. Pafunika umboni, ndipo umboni wa kutupa umatha pasanathe sabata ziwiri.

N'chifukwa chake tsaya lija ndi nkhani ya changu. Ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha kuchipatala ali m'manja mwa apolisi, ndipo boma ndilo limalipira. Pemphani kuti apite naye kuchipatala, kaya ku Queens kaya ku chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo dokotala alembe zimene waona ndi tsiku lake. Inunso lembani tsiku limene munaona kutupako ndi amene munali naye. Tsiku loyamba kukhoti, mwanayo auze majisitireti yekha kuti anamenyedwa, aonetse malowo, ndipo apemphe kuti zilembedwe m'buku la khoti. Akadzazinena patatha miyezi itatu mabala atapola, khoti lidzafunsa kuti bwanji sananene poyamba. Kuyambira lero asasainenso pepala lililonse limene sanaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'Chichewa, ndipo akafunsidwanso atha kuyankha kuti adzalankhula kukhoti kapena akaonana ndi loya.

Tifike pa langizo lachiwiri lija, loti angovomera. Ili ndi limene ladzaza ndende zathu ndi anthu amene akadakana bwenzi ali kwawo. Munthu akavomera mlandu, boma silifunikanso kubweretsa mboni ngakhale imodzi. Woimira boma amangowerenga mmene nkhani inayendera, majisitireti n'kufunsa ngati ndi zoona, munthu akati inde basi wapezeka wolakwa, chatsala ndi chilango. Ndipo wovomera yekha sangachite apilo yotsutsa kuti sanalakwe, apilo yake imangokhudza kukula kwa chilango kapena ngati chilangocho chili chololedwa ndi lamulo. Lonjezo loti "ukavomera akukhululukira" silimanga majisitireti, chifukwa amene akulonjezayo si amene adzagamule.

Taonani mlandu umene ayenera kuti amutsegulira. Ngati ndi wolandira katundu wobedwa, pa gawo 328 la malamulo a zilango, chilango chake chimatha kufika zaka 14, kuposa cha kuba wamba komwe malire ake ndi zaka 5. Koma kuti munthu apezeke wolakwa, sikokwanira kuti foni inali yobedwa ndipo inapezeka m'thumba mwake. Boma liyenera kutsimikiza kuti pamene ankailandira ankadziwa, kapena anali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ndi yobedwa. Apa ndi pamene pagona mlandu wonse. Msampha umakhala pa kafunsidwe. Womasulira akati, "Akuti unapezeka ndi foni yobedwa, ukuvomera kapena ukukana?" mnyamata woona mtima amayankha kuti, "Ndikuvomera, anandipeza nayo," osadziwa kuti zitha kumveka ngati wavomera zonse. Yankho loyenera, ngati ndi mmene zinalilidi, ndi lakuti, "Foniyo ndinali nayo, ndinaigula, koma sindinkadziwa kuti ndi yobedwa." Mawu amenewo pa lamulo ndi kukana mlandu, ndipo majisitireti ayenera kulemba kuti wakana. Lamulo limamulamula majisitireti kuti asanalembe kuti munthu wavomera, atsimikize kuti akumvetsa mlanduwo ndi zotsatira zake ndipo akuvomera popanda "koma". Pamene sanamve, afunse kuti amubwerezere. Kumasuliridwa m'Chichewa ndi ufulu wake, ndipo salipira.

Sindikunena kuti aname. Mukakhala naye mumufunse bwinobwino. Khoti lidzayang'ana mtengo: foni yoti m'sitolo ndi ya K400,000 ikagulidwa pa K45,000, funso lidzabwera loti sanadabwe bwanji. Lidzayang'ananso malo ndi nthawi imene anagula, ngati inali ndi loko ya mwini wake, ngati munali zithunzi ndi manambala a munthu wina, komanso masiku amene anadutsa chibedwereni. Munthu wopezeka ndi katundu patangopita nthawi yochepa chibedwereni amayembekezeka kufotokoza momveka mmene anamupezera, apo ayi khoti litha kuganiza kuti ndiye wakuba kapena analandira akudziwa. Ngati zoona zake n'zakuti ankadziwa, kuvomera msanga kumathandizadi kuchepetsa chilango, koma chisankho chimenecho achipange ataonana ndi wodziwa malamulo, osati atauzidwa ndi munthu wa pakhonde la polisi.

Inu muli panja, ndiye ntchito yosonkhanitsa umboni ndi yanu. Pezani amene analipo pogula, mwina anzake a pamsika. Ngati analipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wake uli ndi tsiku, ndalama ndi nambala ya wogulitsa, ndipo umenewo ndi umboni wamphamvu. Ngati analemberana pa WhatsApp, mauthengawo asafufutidwe. Dzina la wogulitsa, maonekedwe ake ndi pamene amapezeka, zonse zilembedwe lero anthu asanaiwale. Chimodzi chokha musachite: musapite kwa mwini foni kukamuopseza kapena kukamunyengerera ndi ndalama kuti asinthe mawu. Kumeneko ndi kusokoneza mboni, kumaphetsa belo ndipo ndi mlandu pawokha. Mlanduwu ndi wa boma, ndipo ngakhale mwini foni atafuna kuti uthe, amakanena kukhoti, khoti ndilo limavomereza.

Mlandu ukayamba kuzengedwa, boma ndilo limayamba kubweretsa mboni. Apemphe kuti amupatsiretu mapepala a zimene mbonizo zinanena kupolisi kuti akonzekere. Mboni iliyonse ikamaliza, adzapatsidwa mpata woifunsa mafunso. Ambiri pamenepa amayamba kufotokoza mbali yawo, majisitireti n'kuwadula, iwo n'kukhumudwa n'kunena kuti alibe funso. Nthawi imeneyo ndi ya mafunso okha, aafupi: "Munandiona ine ndikutenga foni yanu?" "Nditakuuzani dzina la wondigulitsa, munapita kukamufuna?" Chimene mboni yanena iye osachitsutsa, khoti limatha kuchitenga ngati choona. Boma likamaliza, majisitireti amagamula ngati pali mlandu woti ayankhe. Ngati palibe, amamasulidwa pomwepo osalankhula n'komwe. Ngati ulipo, ali ndi ufulu wokhala chete, kapena kulumbira n'kufotokoza mbali yake kenaka n'kufunsidwa mafunso ndi woimira boma, komanso kuitana mboni zake. Pa mlandu ngati uwu, wofuna kufotokoza mmene foni inafikira m'manja mwake, ine ndimaona kuti kukhala chete nthawi zambiri sikumuthandiza munthu.

Zitati zavuta wapezeka wolakwa, asanapatsidwe chilango amapatsidwa mpata wodandaula. Anene kuti n'koyamba kupalamula, ndi wachichepere, foni inabwezedwa kwa mwini wake, ali ndi omudalira, ndiponso masiku amene wakhala kale m'chitokosi. Lamulo limati wopalamula koyamba asathamangitsidwire kundende pokhapokha khoti litaona kuti palibe njira ina yoyenera, ndipo njira zina zilipo monga chindapusa, chilango choimitsidwa kapena kugwira ntchito zothandiza anthu akugona kunyumba. Akafuna kuchita apilo ku khoti lalikulu, chidziwitso chiyenera kuperekedwa pasanathe masiku 10 chigamulireni. Masiku amenewa amatha anthu akadali kulira, ndiye muwasamale.

Kusowa ndalama ya loya kusakugwetseni mphwayi. Boma lili ndi Legal Aid Bureau, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo ili ndi ofesi muno mu Blantyre. Ntchito yake ndi kuimira anthu osakwanitsa kulemba loya. Adzakufunsani za kapezedwe kanu, ndipo maloya ake ali ndi milandu yambiri, choncho pitani msanga ndi zonse zolembedwa bwino. Aliponso alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera zitokosi, makhoti ndi ndende, komanso bungwe la CHREAA lomwe likulu lake lili mumzinda uno. Iwowa saima m'khoti ngati loya, koma amadziwa kukankha dokete loiwalika ndi kumuphunzitsa munthu kupempha belo. Ndipo musaganize kuti makhoti amamvera olemera okha. Mayeso Gwanda anali wogulitsa majumbo, anamangidwa m'bandakucha mu 2015 akupita kukagulitsa ku Limbe pa mlandu wa vakabu, ndipo mu Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula kuti ndime imene anamumangira ija ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko.

Loya weniweni mumufune mwachangu zinthu izi zikachitika: mawa likadutsa mwana asanatulutsidwe kapena kupita kukhoti, chifukwa pamenepo pafunika kukapempha khoti lalikulu kuti lilamule apolisi kubwera naye, mlandu ukasinthidwa kukhala wothyola nyumba kapena wakuba moopseza, poti imeneyo zilango zake ndi zolemera kwambiri, belo ikakanidwa, kapena akapezeka kuti sitetimenti ija ikunena kuti anavomera kuba. Za kumenyedwa ndi kusungidwa mopitirira nthawi mutha kukadandaula ku Independent Complaints Commission, bungwe loona madandaulo okhudza apolisi, kapena ku bungwe la boma loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. Za wopempha K60,000 uja, kwake ndi ku ACB, bungwe la boma lothana ndi ziphuphu. Lamulo limalolanso kusumira boma kuti lipereke chipukuta misozi pa masiku amene munthu wasungidwa mosatsata lamulo, koma zimenezo zidzabwera mwana atatuluka, bola zolemba zanu ndi kalata ya kuchipatala zikhale zilipo.

Mukamapita ndi chakudya mawa, dziwani kuti kumuona ndi ufulu wake, si chifundo cha wapakauntala. Mphindi zochepa zimene akupatseni muzigwiritse ntchito pomuuza zinthu zitatu: asasainenso kanthu, akafika kukhoti anene kuti anagula osadziwa ngati ndi mmene zinalili, ndipo apemphe belo ndi pakamwa pake. Mufunsenso wofufuza kuti mlanduwu upita khoti liti ndipo tsiku lanji, chifukwa muno mu Blantyre makhoti a majisitireti ndi angapo, ndipo zimachitika kuti abale akudikira kukhoti lina pamene mwana akuwerengeredwa mlandu kwina, wopanda womuimira pa belo.